Kunyezimira kwa mphete kumayambira pamwala wonolera

Ngati pachala panu pali mphete yokhala ndi timiyala tonyezimira, kapena mayi akunyumba ali ndi ndolo zotere, tazitengani muziyang'anitsitse powala. Kodi chagwira timiyalato kuti tisagwe n'chiyani? Ambiri amayankha kuti ndi guluu. Pa zotchipa zapamsika yankholi n'loona, n'chifukwa chake zikakumana ndi sopo kwa miyezi ingapo timiyala timayamba kuthothoka. Koma pamphete yabwino ya golide kapena siliva simupezapo guluu. Mukayang'ana bwino muona timibulu tating'ono kuposa njere za bonongwe titatsamira m'mphepete mwa kamwala kalikonse. Timibuluto si toikirira ayi. Ndi golide wa mphete yomweyo amene mmisiri adamutukula ndi katchizulo kakang'ono kotchedwa graver, n'kumupindira pamwalapo.

Ine ntchito yanga ndi yachipatala, sindidakhalepo mmisiri wa golide. Katchizuloka ndidakadziwira m'chipinda chotsukira mabala. Lolemba lina kudabwera bambo wazaka za m'ma 40 atakulunga dzanja lamanzere ndi kansalu. Adagwirapo ntchito zaka zingapo mushopu yopanga mphete ku Johannesburg, ndipo atabwerera kumudzi adapitiriza kukonza mphete, ndolo ndi matcheni a anthu m'tauni. Bala lake lidali laling'ono ngati kanjere ka mpunga, pamnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu. Koma chikhatho chonse chidali chitatupa, chikutentha, ndipo chala chachikulucho samatha kuchigwedeza. Adavulala Lachinayi.

"Chidakubayani n'chiyani bambo?" ndidafunsa.

"Kachitsulo kanga kantchito, adokotala. Kadaterereka."

"Ndiye kuti n'kakuthwa kwambiri eti?"

Ngakhale amamva ululu, adaseka. "Kakadakhala kakuthwa sindikadabwera kuno. Ndidachita ulesi kunola."

Yankho limenelo lidandikhala m'mutu. Masiku amene ankabwera kudzatsukitsa bala adandibweretsera timatchizulo take, ndipo zomwe adandionetsa, pamodzi ndi zomwe ndidakawerenga pambuyo pake, ndizo ndikukugawirani lero.

Katchizuloka n'kachitsulo kolimba kotalika ngati chala chanu chamkombaphala, kozikidwa m'chigwiriro chamtengo chooneka ngati bowa. Chigwirirocho chimakhala pakati pa chikhatho, ndipo nsonga imangopitirira pang'ono chala chachikulu. Sakamenya ndi hamala ngati tchizulo cha kalipentala. Amakakankha ndi chikhatho basi. Pali ka nsonga yophwatalala, ka nsonga yobulungira kunsi, kena kopyapyala ngati mpeni, ndi kena kamene m'mbali mwake ndi mokhota ngati kutsogolo kwa bwato, kotchedwa onglette. Ambiri mwa amisiri amadziwa timatchizulo topangidwa ku Vallorbe m'dziko la Switzerland. Masiku ano kulinso toyendera mpweya, monga topangidwa ndi kampani ya GRS ku Kansas m'dziko la America, koma nsonga yake imafuna kunola chimodzimodzi. Chida chimenechi n'chakale. Albrecht Dürer, katswiri wa zojambula wa ku Germany amene adabadwa mu 1471, adali mwana wa mmisiri wa golide, ndipo zithunzi zake zambiri zotchuka adazizokota pamkuwa ndi katchizulo kamtundu womwewu.

Poika mwala, mmisiri amayamba waboola kadzenje pagolide, n'kukakuza mpaka mwala utakhazikika bwino, m'chiuno mwake mutalowa pang'ono kunsi kwa golideyo. Kenaka amazika nsonga ya katchizulo pafupi ndi mwalawo, n'kukankhira golide chakumwala ngati mmene khasu limatukulira dothi popanga mzere. Kachibenthu kamene katukukako sakadula. Amakasiya kali chilumikizire, n'kukatsamiritsa pamwala. Akatero mbali zitatu kapena zinayi, amatenga kachitsulo kena kokhala ndi kabowo kunsonga, n'kupotokola pamwamba pa kachibenthu kalikonse mpaka kasanduke kam'bulu kosalala. Chomaliza ndicho kusema golide wotsala m'mbali mwa mwala mopendekera, kuti kuwala kuzigunda pamenepo n'kubwerera m'maso mwanu. Timiyala tikayalidwa tambiri mothithikana, njirayi amaitcha pavé, mawu a Chifalansa onena za msewu woyalidwa miyala.

Kusema komalizaku ndiko kuli nkhani yonse. Mwina mukuganiza kuti mmisiri akamaliza amangotengera mpheteyo kumakina opukutira kuti iwale. Malo ena amaterodi, koma pakati pa timiyala nsalu ya makina siifika bwino, ndipo akaumiriza imadya timibulu tija, mwala n'kuyamba kugwedera. Imafafanizanso ngodya zakuthwa zomwe zimachititsa kuti mphete iziphethira mukagwedeza dzanja. Choncho golide wa pakati pa miyala ayenera kuwala pomwe katchizulo kangodutsa. Ndipo angawale kokha ngati katchizuloko n'kowala.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kukamwa kwa chida chilichonse chodulira ndi pamene mbali ziwiri zakumana. Pakatchizuloka mbali ziwirizo ndi yakutsogolo yopendekera, imene amisiri amaitcha nkhope, ndi yakunsi, imene amaitcha mimba. Mukanola pamwala wokhakhala, mwalawo umasiya timizere pachitsulo. Kamzere kalikonse kakafika kukamwa kamasanduka kampata, moti mukaika nsongayo pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ngati aja timaonera tizilombo ta malungo, mupeza kuti ili ndi mano ngati sowo. Golide ndi wofewa, ndiye amakopera chilichonse. Dzino lililonse limasiya kangalande kake, kampata kalikonse kamasiya kamzere kake. Kuwala kukagwera pamalo a timizere chotere kumamwazikira mbali zonse, ndipo diso lanu limaona chinthu chotuwa. Timizere tikachepa kufika poti n'tating'ono kuposa mafunde a kuwala komweko, kuwala kumabwerera mbali imodzi ngati pagalasi lodziyang'anira.

Tikamati tating'ono tikunena zazing'ono zedi. Mukagawa milimita imodzi magawo 1,000, gawo limodzi limatchedwa micron. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Mafunde a kuwala kumene maso athu amaona ndi apakati pa 0.4 ndi 0.7 ya micron imodzi. N'chifukwa chake amisiri amamalizira kupukuta ndi phala la fumbi la dayamondi la micron imodzi, theka, mwinanso kota.

Kufika pamenepo amachita kukwera masitepe. Bambo uja ankayamba ndi mwala wofiirira wopangidwa kufakitale wotchedwa India, atadontheza mafuta opepuka. Nkhope ya katchizulo ankaigoneka pamwalapo mopendekera pafupifupi madigiri 45, n'kumaiyendetsa mkono wonse ukuyenda pamodzi, osagwedeza pamfundo ya dzanja. Mukagwedeza pamfundopo nkhope imabulungira m'malo mokhala yafulati, ndipo katchizulo kotero kamangotsetsereka pagolide. Akachoka apo ankapita pamwala woyera wosalala kwambiri wotchedwa Arkansas, womwe umakumbidwa kumapiri a Ouachita ku America. Kunola kumasiya kachitsulo kopyapyala kolendewera kukamwa, konga kaja mumakamva ndi chala mukanola mpeni wakukhitchini mbali imodzi. Iye ankakachotsa pobaya nsongayo kawiri katatu pachidutswa cha mtengo wolimba. Mimba ndiyo ankaipukuta pasandipepa wosalala kwambiri woyalidwa pagalasi, kenaka paphala la dayamondi.

Apa pali msampha umene umakola ophunzira. Munthu amaganiza kuti kupukuta kwambiri ndiye bwino, n'kutenga chikopa chofewa kumakhula nthawi yaitali. Katchizulo kamawaladi ngati galasi, koma chikopa chimabonyoka chitsulo chikamadutsa, ndiye chimakwera kukamwa n'kukubulungiza. Zotsatira zake n'chida chokongola chosadula. N'chifukwa chake kupukuta kumachitikira pamalo olimba, kukoka pang'onopang'ono maulendo owerengeka. Amisiri ambiri amapukuta mimba yokha, chifukwa ndiyo imakhula pagolide wotsala pamphete, nkhope n'kuisiya mmene yachokera pamwala wosalala kuti izitha kuluma. Poyesa amagoneka nsonga pachikhadabo cha chala chachikulu mopendekera, osakanikiza. Yakuthwa imakola pomwepo, yobuntha imatsetsereka. Ngati wachipatala ndingowonjezapo kuti mayesowa ndi ongogunditsa, osati kukankha, ndipo nsonga iloze kutali ndi mnofu wa m'munsi mwa chikhadabo.

Katchizulo katsopano kamabwera kataliatali, ndiye mwini wake amakafupikitsa kuti kafanane ndi dzanja lake, n'kukapala pamwamba pa nsonga pa grinder kuti nkhope ichepe. Nkhope yaing'ono imanoleka msanga komanso siphimba mwala pogwira ntchito. Pa grinder ndi pomwe ambiri amaphera chida chawo chisanagwire ntchito. Chitsulo chimalimbitsidwa pochiwotcha mpaka kufiira n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi, kenaka n'kuchitenthetsanso pang'ono kuti chisamathetheke. Kutenthetsa kwachiwiriku kukapitirira, kulimba kumachoka. Chitsulo chimadziulula chokha ndi mtundu: pamadigiri pafupifupi 230 chimaoneka ngati udzu wouma, pofika cha m'ma 300 chimabiriwira ngati thambo. Nsonga ya katchizulo kachitsulo wamba ikabiriwira pa grinder, yafewa. Muinola, idula kawiri, n'kupindika. Mankhwala ake n'kugunditsa pang'ono, kuviika m'madzi, kugunditsanso. Timatchizulo ta chitsulo chotchedwa HSS timapirira kutentha koposa apa, ndipo ta carbide n'tolimba kuposa tonse, koma timathetheka msanga ndipo timanoleka ndi dayamondi.

Tsono tibwerere kuchikhatho chija. Chifukwa chiyani chida chobuntha ndicho chimavulaza?

Nsonga yakuthwa imasonkhanitsa mphamvu yonse ya dzanja pakamalo kochepetsetsa, choncho imalowa m'golide ndi kukankha pang'ono, ndipo ikalowa imakhala yozikika. Yobuntha imakana kulowa. Mmisiri amawonjezera mphamvu, phewa n'kulowererapo, minofu ya mkono wonse n'kukungika. Kenaka nsonga imapulumuka. Kuti diso lione, ubongo uzindikire, n'kulamula minofu kuti ileke, pamatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Mkono wokungika umakhala utayenda kale mtunda wautali m'kanthawi kameneko. Ndipo kutsogolo kwa nsonga kumakhala zinthu ziwiri zokha: mwala wa kasitomala ndi dzanja logwirira mphete.

Mwala nawo si kuti sumva kanthu. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, adandandalika miyala potengera uti umakanda unzake, kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, emerald ndi aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, quartz pa 7. Golide ndi siliva ali pansi, cha pa 2.5 mpaka 3, kufupi ndi chikhadabo chanu. Chitsulo cha katchizulo chingathe kukanda miyala yofewerapo monga opal, ndipo cha carbide chimakanda yambiri. Komanso kusakandika n'kosiyana ndi kusasweka. Emerald amakhala ndi timing'alu m'kati mwachibadwa, moti kumugunda kamodzi m'mphepete akhoza kubenthuka. Ngakhale dayamondi amabenthuka akagundidwa molunjika njira yomwe amang'ambikira. Mmisiri akaswa mwala wa mwini, ndalama ya miyezi ingapo yapita pa sekondi imodzi.

Izitu si nkhani za kutali zokha. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka ruby ndi sapphire, ku Mzimba kuli aquamarine, cha ku Ngabu m'boma la Chikwawa kuli agate wobiriwira ngati thambo. Anzathu a ku Zambia ali ndi emerald ku Lufwanyama, a ku Mozambique ali ndi ruby ku Montepuez. Yambiri mwa miyala yathu yakhala ikutuluka m'dziko muno yosasema, phindu lalikulu n'kukadyedwa ndi amene amaisema ndi kuiika pamphete kunja. Nthawi zonse tikamva za kuwonjezera phindu pamiyala yathu, dziwani kuti kumapeto kwa mawu amenewo kuli mnyamata kapena mtsikana atakhala pabenchi, katchizulo kali m'manja. Ine nkhawa yanga ndi yakuti adzaphunzitsidwe kunola ndi kudziteteza tsiku lomwelo limene adzaphunzitsidwe kudula.

Bala lobayidwa pachikhatho limanyenga. Pakamwa pake m'pang'ono, magazi amatuluka ochepa, munthu amangoyamwa n'kupitiriza ntchito. Koma m'chikhatho zinthu n'zothithikana. Mitsempha yokoka zala imadutsa m'timatumba totsekeka tokhala ndi timadzi toterera. Tizilombo tikalowa m'katumba kotere timaswana mofulumira, mafinya amasowa kotulukira, ndipo m'masiku ochepa mtsempha ukhoza kuwonongeka, chala n'kuuma mpaka kalekale. Dokotala wa opaleshoni wa ku Chicago, Allen Kanavel, adafotokoza zizindikiro zinayi zomwe timaphunzitsidwabe mpaka lero: chala chonse chimatupa ngati soseji, chimakhala chopindika pang'ono, chimapweteka mukadina motsata mtsempha kumbali ya chikhatho, ndipo wina akayesa kuchiwongola ululu wake ndi wosaneneka. Mukaona izi musadikire kuti kuche kawiri. Katumba ka chala chachikulu ndi ka chala chaching'ono kamafika mpaka pamfundo ya dzanja, ndiye matenda a zala ziwirizi amatha kukwera mkono.

Pamnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, pomwe bambo uja adabayidwa, pamadutsanso kamtsempha ka uthenga kamene kamalamula minofu yobweretsa chala chachikulu kuti chikumane ndi zala zinzake. Kali pafupi ndi khungu. Kakaduka, kumanga batani, kugwira cholembera, kutola singano, zonse zimavuta. Kwa munthu wotola timiyala ta milimita imodzi, ndiye kuti ntchito yatha. Mwamwayi iye kadaphonyedwa. Chimene chidachitika n'chakuti mafinya adasonkhana pansi pa mnofuwo, ndipo tidachita kung'amba kuti atuluke.

Mukabayidwa chotere, kaya ndi katchizulo, msomali, singano yosokera nsapato kapena waya, choyamba vulani mphete zonse kudzanja limenelo lisanatupe. Ndadulapo mphete zaukwati zingapo zomwe eni ake akadazivula okha pa mphindi yoyamba. Tsukani balalo ndi madzi aukhondo oyenda ndi sopo kwa mphindi zingapo, dinani ndi nsalu yoyera ngati likutuluka magazi, ndipo dzanja likhale m'mwamba. Musathiremo mafuta a mabuleki, madzi a batire, mankhwala otsukira mano, dothi kapena phulusa. Zonsezi ndaziona, ndipo palibe chidathandizapo. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala ndi lakuya, ngati chala chachita dzanzi kapena sichikupindika. Musadabwe tikapanda kulisoka. Bala lobayidwa nthawi zambiri timalisiya lotsegula dala kuti zoipa zizituluka.

Tikufunsaninso za katemera wa kafumbata. Ambiri amaganiza kuti kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Ayi, amabwera ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani, kamene kamakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe, ndipo kamakonda mabala akuya mosafika mpweya. Chitsulo chonyezimira chikhoza kukalowetsa bwinobwino. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, kawirikawiri ndi kuuma nsagwada. Kuno kwathu ana amalandira katemerayu ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo amayi amalandiranso kusikelo akakhala oyembekezera. Abambo ambiri chibayitsireni ali makanda sadalandirenso, pomwe mphamvu ya katemera imatsika zaka zikamapita. Bambo uja samakumbuka n'komwe. Ngati ntchito yanu ndi ya zitsulo, musadikire bala. Kafunseni kuchipatala chapafupi.

Diso ndi lachiwiri. Pofupikitsa katchizulo katsopano ena amakamanga pa vayisi n'kukathyola ndi hamala. Chitsulo cholimbitsidwa sichipindika, chimathetheka, ndipo tizidutswa timauluka mothamanga kwambiri. Kachidutswa kochokera pa grinder kawirikawiri kamakamira pagalasi la diso. Munthu amamva ngati mwalowa mchenga, misozi ili chuchuchu, kuwala kukumupweteka. Pakangopita maola angapo kachitsuloko kamayamba kuchita dzimbiri n'kusiya kamkombero kofiirira komwe kamafunika kuchotsedwa ndi odziwa za maso. Musatikite, musatokose ndi kamtengo ka machesi, musalole wina kunyambita, ndipo musathiremo mkaka wa m'mawere. Choopsa kwambiri ndi kachidutswa kouluka pomenya chitsulo ndi chitsulo, chifukwa kakhoza kuboola n'kulowa m'kati mwa diso, ululu n'kukhala wochepa moti munthu n'kuganiza kuti katuluka. Chitsulo chotsalira m'kati chimawononga diso pang'onopang'ono. Mukafika kuchipatala nenani momveka kuti mumamenya kapena kunola chitsulo, kuti tidziwe zojambula ndi kukutumizani kwa a maso. Ndipo tsiku lina akadzafuna kukujambulani ndi makina a MRI, auzeni za ntchito yanu, poti makinawo ndi maginito amphamvu amene angasunthe kachitsulo kobisala m'diso. Magalasi otetezera maso ndi otchipa kuposa thiransipoti yopitira kuchipatala chachikulu. Pothyola katchizulo, kaphimbeni ndi nsalu.

Za mapapo sindichulukitsa, koma pali mfundo imodzi yomwe ambiri saidziwa. Carbide amapangidwa pomata fumbi la tungsten carbide ndi chitsulo chotchedwa cobalt. Fumbi lake mukamalipuma nthawi yaitali likhoza kuyambitsa mphumu kapena kuumitsa mapapo. M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ku Belgium adapeza matendawa mwa anthu opukuta dayamondi omwe ankagwiritsa ntchito mawilo okhala ndi cobalt. Osema miyala nawo ali ndi lawo: fumbi la agate ndi quartz limayambitsa silicosis, matenda omwe adwalitsa osema agate ambiri ku Khambhat m'dziko la India, ndipo ndi omwe aja adabwera nawo ena mwa agogo athu kuchokera kumigodi ya ku Joni. Mapapo otere amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu. Nolani ndi madzi kapena mafuta, sinthani madziwo pafupipafupi, tsegulani mawindo, ndipo fumbi la pabenchi muzipukuta ndi nsalu yonyowa m'malo mouzira ndi pakamwa.

Chinanso chimene chidandidzidzimutsa chidali m'kabotolo kakang'ono m'chikwama cha bamboyo. Amisiri ena amagunditsa nsonga pathonje lonyowa ndi mafuta kuti katchizulo kaziterera m'golide, ndipo mafuta omwe akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kale ndi a wintergreen. Nditanunkhiza ndidazindikira fungo la mankhwala opaka aja timatikitira minofu ikamapweteka. Ndi methyl salicylate, m'bale wake wa asipulini. Kasupuni kamodzi ka tiyi ka mafuta amenewa kali ndi mphamvu yofanana ndi mapilitsi a asipulini a akulu oposa 20, ndipo kakhoza kupha mwana wamng'ono. Fungo lake n'lokoma ngati switi. Bamboyo ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba, ndipo adali ndi mwana wazaka zitatu. Ndidamupempha kuti asinthe, azigwiritsa ntchito mafuta a makina osokera, omwenso ayenera kukhala patali ndi ana.

Zotsala ndi za kakhalidwe pabenchi, ndipo amisiri adazipeza kale ife achipatala tisanalankhulepo. Mphete siigwiridwa ndi zala. Imamangidwa m'chogwirira chamtengo kapena kumatidwa pakamtengo ndi phula lolimba, kuti dzanja lamanzere likhale pansi pa njira ya nsonga. Podula mokhota, mmisiri wodziwa sazungulitsa katchizulo, amazungulitsa mpheteyo kuti ibwere yokha kunsonga. Chala chachikulu cha dzanja lodulira chimatsamira pachogwirira kuti chikhale buleki. Wophunzira amayamba ndi mbale ya mkuwa, kudula mizere yowongoka masiku ambiri, kenaka timiyala totchipa ta cubic zirconia, asanakhudze mwala wa munthu. Benchi imakhala yaitali, pafupifupi pachifuwa, kuti khosi lisamawerame tsiku lonse. Ndipo zaka zikapitirira 40, diso la aliyense limayamba kuvutika kuona zapafupi. Si matenda, ndi kukula. Mmisiri wokana magalasi amayamba kuyandikitsa nkhope ku ntchito, kudula mongoganizira, n'kumakankha mwamphamvu pomwe sakuona bwino. Bambo uja adavomera kuti kwa chaka chathunthu ankaona nsonga ya katchizulo mwachimbuuzi madzulo, ndipo n'kutheka kuti n'chifukwa chake sadazindikire kuti yabenthuka. Tidamutumizanso kukayezetsa maso.

Dzanjalo lidatenga masabata asanu ndi limodzi kuti libwerere pantchito. Masabata awiri oyamba lidali m'mwamba, akumwa mankhwala opha tizilombo. Otsatirawo ankafinya kampira ndi kugunditsa chala chachikulu ku chala chilichonse kambirimbiri patsiku kuti mfundo zisaume. Mphete ya ukwati wa eni ake imene ankakonza tsiku lovulalalo idachita kukamalizidwa ndi mnzake ku Lilongwe, ndalama n'kupita komweko.

Tsiku limene adabwera kudzalandira jakisoni wachiwiri wa kafumbata adafika atavala magalasi atsopano. Adatulutsa kachidutswa ka mkuwa kakakulu ngati bokosi la machesi n'kundipatsa. Padali mizere iwiri yoyandikana, yotalika mofanana. Wina udali wotuwa, m'mbali mwake muli timinga, ndipo chakumapeto udapatuka n'kukanda mpaka m'mphepete. Winawo umawala ngati madzi padzuwa.

"Dzanja ndi lomweli, katchizulonso ndi komweka," adatero. "Uwu ndadula ndisananole, uwu nditanola. Pakati pake padutsa mphindi zitatu zokha."

Ndidamufunsa ngati mzere woyambawo sudamubayenso pomwe udapatuka. Adakweza dzanja lamanzere, chipsera chikuoneka, n'kundionetsa mmene tsopano amaligwirira kunsi kwa chogwirira.

Kamkuwako kali m'dirowa ya tebulo langa. Ophunzira a zachipatala akabwera kudzazolowera kusoka mabala, wina akamalimbana ndi sizasi yobuntha, akukoka ulusi m'malo moudula, ndimakatulutsa n'kumuuza ayendetse chikhadabo pamizere yonse iwiri, kenaka apite kukatenga sizasi ina.